Zala Ziwiri za Mnzanga wa ku Chipata

Ine ndine makanika. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa anthu a ku Highfields, ku Leicester kuno, amandidziwa ngati bambo uja wa yunifomu yabuluu, wodikira basi m'mamawa kupita kukasambitsa nkhalamba za eni ake. Ayi ndithu, manja awa anakulira pa galaja ku Biwi, ku Lilongwe, ndipo ndinali ndisanamere ndevu pamene ndinatsitsa giyabokosi yanga yoyamba. Galimoto ikangolowa pageti ndinkadziwa matenda ake mwini wake asanazimitse injini. Sikudzitama, n'zimene zinalipo.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali abambo ena aafupi, amawu okhuthala, eni ake a galajayo. Iwo analibe nthawi yolankhula kawiri. Ukalakwitsa zazing'ono, lamba wa injini ankatera kumsana, basi nkhani yatha. Koma ukalakwitsa zoti zikanakupha, zinali zina: ankagwira dzanja lolakwalo, kulisanjika pa madigadi, n'kulimenya ndi sipanala. Tsiku lina ndinalowa pansi pa lole yaing'ono yoimikidwa pa jeke yokha, osaikapo chitsa. Anandikoka miyendo ngati mbuzi yokaphedwa, msana wonse kusupuka ndi miyala, n'kundiphwanya chala chachikulu ndi sipanala ya seventini. Chikhadabo chinachoka tsiku lachitatu. Ndikulira choncho anandiuza kuti khutu limaiwala koma dzanja siliiwala. Nditakafika kunyumba n'kuwaonetsa bambo anga, iwo anavala jekete n'kupita kukawathokoza.

Sindinalowenso pansi pa galimoto yopanda chitsa mpaka lero. Ndipo nditakhala ndi galaja yangayanga, amene ankaphunzira kwa ine ndinkawaphunzitsa chimodzimodzi. Wina anatsegula ladiyeta injini ikuwira, wina anayatsa ndudu pafupi ndi thanki yotsegula, ndipo onsewo anapita kwawo atamanga dzanja ndi sanza. Panalibe amene anakandisumira kwina kulikonse. Ena mwa iwo ali ndi magalaja awo tsopano, ndipo amandiimbirabe foni pa Khirisimasi.

Pafupi ndi ife panali owotcherera zitsulo. Mawaya awo anali olumikizalumikiza, omanga ndi majumbo, ongoyalidwa pansi. Tsiku lina kutagwa mvula, mmodzi wa iwo, bambo wa ana atatu, anatola waya wosupuka ndi dzanja lonyowa. Sanakuwe. Anangouma chiimire, mano gwa, dzanja litafumbata waya osausiya. Tinamumenya ndi thabwa pamkono mpaka thabwalo linathyoka, ndiye anagwa. Chikhatho chinali chitapsa mpaka kuoneka zoyera zamkati, ndipo fungo lake sindikufuna kulifotokoza. Ndine ndinagwira kumutu pomukweza mu pikapu, ndipo tinafika naye kuchipatala atazizira kale.

Ku England ndinabwera motsatira mayi a kunyumba, omwe ndi namwino pachipatala china chachikulu mu Leicester muno. Ndinabwera ndikudziguguda pachifuwa kuti dziko la magalimoto ngati limeneli makanika sangagone ndi njala. Ha! Galaja iliyonse funso linali limodzi: pepala lili kuti? Ndinkawauza kuti andipatse galimoto yakufa aone okha, iwo n'kumangomwetulira kumwetulira kwawo kwa mano okha kuja. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Ndinalowa ntchito ya keya, yosamalira okalamba, ngati wina aliyense, ndipo ndinakhalamo zaka khumi.

Ntchito ya keya inandiphunzitsa kumeza. Mdala wina wosokonezeka mutu ndi ukalamba, amene ankati anali wankhonya paunyamata wake, anandiphulitsa mlomo ndikumuveka sokosi. Magazi m'kamwa tho, ine manja kumbuyo, n'kumamuuza mwaulemu kuti zonse zili bwino. Wina anandilavulira phala kumaso. Wina anandikanda khosi mpaka kolala ya yunifomu inafiira. Sindinabwezepo ngakhale kamodzi. Amanijala ankandiyamikira kuti ndine wofatsa, ndipo nane ndinayamba kukhulupirira kuti ukali wa ku Biwi ndinausiya pabwalo la ndege.

Ndiye kunamveka kuti koleji ina ya mumzinda muno yatsegula kosi ya zamagalimoto ya anthu akuluakulu, masiku awiri pa sabata, mogwirizana ndi kampani ina yogulitsa ndi kukonza magalimoto. Inali nthawi imene magalimoto oyendera petulo ndi magetsi omwe, amene timawatcha mahayibridi, anali atayamba kuchuluka, makamaka kwa a matakisi, ndipo kampaniyo inkasowa anthu owadziwa. Ndiye inabweretsa zonse: magalimoto ophunzirira, makompyuta opimira matenda, maovolosi okhala ndi chizindikiro chake pachifuwa, makamera kudenga, ndi malamulo ake omatidwa pakhoma. Ngakhale zoti tiphunzire ndi zoti tisaphunzire ankasankha ndi iwowo. Kabuleta, imene ine ndingaimasule n'kuimanganso nditatsinzina, sinatchulidweko n'komwe. Kumapeto kwa chaka kunali mayeso a manja, oyesa ake a kukampani, ndipo okhoza ankalowa ntchito m'magalaja ake osafunsira. Chimene ndinkafuna ine ndi chimenecho basi. Mayi a kunyumba anavomera kuwonjezera mashifiti awo kuti ine ndichepetse anga. Ndinali nditadutsa zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo ndinkadziwa kuti mwayi uwu ukandiphonya ndidzakalambira mu keya.

Zinkandinyansa zambiri, ndisaname. Kumeneko sakonza chinthu, amachotsa n'kuikapo china. Sitata yoti mungoisintha mabulashi itumikirenso zaka, iwo aponya mu bini, ine mtima kuwawa. Ukati injini iyi ikugogoda kumunsi, ndaimva, mphunzitsi ankati chabwino, koma kompyuta yati chiyani? Mphunzitsi wathuyo anali mayi wachizungu wa ku Derby, wamfupi, amene anagwirapo ntchito m'magalaja a kampani yomweyo. Poyamba ndinkamuderera, mpaka tsiku limene ndinamuona akuchotsa bawuti yodukira mkati imene ine ndinali nditailephera. Kuyambira pamenepo ndinkangoti inde mayi. Kamodzi pamwezi kunkabwera bwana wa kukampani, wamtali, wa nsapato zosadziwa oyilo, n'kumaima kumbuyo kwathu akulemba pa tabuleti. Akalowa, nthabwala zonse zinkatha.

M'kalasimo munali munthu mmodzi amene ndinkalankhula naye chakwathu. Anali wa ku Chipata, ku Zambia, bambo wa ana awiri, wocheperapo kwa ine ndi zaka ngati khumi. Ankakhala ku Corby, kumene ankagwira ntchito mu weyahausi, kunyamula makatoni shifiti yonse, ndipo msana unali utayamba kale kumuvuta. Kwawo anali kalaliki pasukulu, sipanala anali asanaigwirepo. Tsiku loyamba ndinamuona akulimbana ndi nati, akuimangitsa m'malo moimasula, thukuta lili kamukamu, ndiye ndinang'ung'udza ndekha kuti koma abale, uyu atiphera galimoto. Anatembenuka akuseka n'kundiyankha m'Chinyanja chawo chija kuti m'malo momunena ndibwere ndimuthandize. Chinansi chinayambira pamenepo. Iye ankanditchula kuti ba mudala, ine ndinkamuti a Chipata.

Tinkathandizana. Ine kompyuta inkandizunguza mutu, ndi zolemba za Chingerezi zomwe, ndiye iye ankakhala nane m'galimoto yake yakale nthawi ya nkhomaliro, tikudya mpunga wa m'kontena, kundibwerezera mpaka zilowe. Ine ndinkamuphunzitsa manja: kumva ndi chala ngati bawuti yakwera mokhota, kudziwa pamene nati yakwanira usanaidule. Ndinkamukalipira, inde, ndipo nthawi zina kumuwomba kambama pankhongo, iye n'kumaseka kuti Amalawi ndinu ankhanza. Tsiku lina mphunzitsi anaona kambamako, n'kunditengera pambali kundiuza kuti muno sitikhudzana, ngakhale mwanthabwala, lamulo la kampani lili pakhoma apo. Ndinavomera ndi pakamwa, mumtima ndikuti azungu awa, n'chifukwa chake ana awo samva.

Koma munthu uja ankagwira zinthu msanga. Nyengo yozizira ikamatha anali akusintha mabuleki mofulumira kuposa anzathu obadwira konkuno, ndipo pa kompyuta ndiye panalibe womufika. Ankakonda kunena kuti tikalowa kukampani adzapempha atiike galaja imodzi, kuti ndizimukalipira mpaka penshoni.

Gawo lomaliza mayeso asanafike linali la batire lalikulu la hayibridi, limene limakhala kumbuyo, pansi pa mpando. Mawaya ake ndi okhuthala ngati chala, amtundu wa lalanje, ndipo magetsi ake amapha. Kampani inatumiza munthu wake kudzatiopseza tsiku lonse, ndi zithunzi za manja opsa zimene anzanga ankaonera akuseka mwamantha. Ine sindinaseke, ndinali nditaziona ndi maso. Lamulo linali lakuti galimoto izunguliridwe ndi tcheni, padenga pake paikidwe chikwangwani chofiira, ndipo wolowa mkati mwa tcheni avale magolovesi a labala ofika m'zigongono. Mphunzitsi yekha ndiye ankazula pulagi yodulira magetsi, kuitsekera m'bokosi, kudikira, kuyeza ndi mita, ndiyeno n'kuchotsa chikwangwani chofiira kuika chobiriwira. Chikakhala chobiriwira, galimoto yafa, gwirani mmene mungafunire. Zonsezi ndinkazidziwa bwinobwino, ndinakhoza ndi mayeso ake olemba omwe.

Kutatsala masabata awiri kuti tiyesedwe, ndinachedwa. Gogo wina amene ndinkamudzutsa m'mawa ndisanapite kukoleji ndinamupeza atagwa kubafa, ndiye ndinayenera kudikira ambulansi. Ndinafika cha m'ma teni, mtima uli m'mwamba, chifukwa linali tsiku la bwana wa kukampani uja ndipo kuchedwa ankalemba. Ndinavala ovolosi mothamanga, ndinaona pa bolodi kuti ndaikidwa pa matayala a galimoto ya pakona, n'kutenga sipanala yaitali ija yomasulira manati a matayala, yachitsulo chokhachokha, yotalika ngati mkono. Ndikudutsa pafupi ndi hayibridi ndinaona mnzanga uja atagwada pachitseko chakumbuyo, mpando utachotsedwa, mutu uli mkati. Dzanja lake lamanja linalibe golovesi, ndipo linkapita pa waya wa lalanje.

Sindinayang'ane padenga la galimoto. Anthu andifunsa kambirimbiri chifukwa chake, ndipo yankho ndilibe. Ndinalumpha tcheni n'kumenya mkono wake ndi sipanala ija kuti uchoke pa waya. Inatera pakati pa chigongono ndi chikhatho, phaa, ndipo iye anagwa chagada, kumenyetsa mutu pachitseko. Anandiyang'ana ali pansipo, kukamwa kuli yasa, osamvetsa. Kenaka anagwira chitsulo cha pakhomo la galimoto ndi dzanja lomwelo kuti adzuke.

Apa ndi pamene pali mlandu wanga. Munthu anali atachoka kale pa waya. Ndinali nditaona ndi maso anga kuti ali moyo. Koma mkwiyo umene unandigwira ndinali ndisanaumvepo chichokereni kumudzi: chitsiru ichi, bambo wa ana awiri, ndakhala ndikuchiphunzitsa chaka chonse, chikufuna kudzafera pamaso panga! Ndinamugwira pamkono ndi dzanja lamanzere, kupanikiza chikhatho chake pachitsulopo, n'kukweza sipanala. Ndikukumbuka kuti ndinasankha pomenya. Ndinamenya pazala, ndi mphamvu zanga zonse.

Fupa likamathyoka silisokosa, limangoti thyo, ngati chinangwa chouma. Koma kukuwa kwake kunadzaza wekishopu yonse. Anadzipinda pansi atafumbata dzanjalo pamimba, miyendo ikupalasa simenti, magazi akuyenderera pa ovolosi. Ine ndinali chiimire pamwamba pake ndikukalipa m'Chichewa, kuti ukufuna kufa iwe, golovesi ili kuti, ana ako akalere ndani. Anzathu awiri anandigwira kumbuyo. Wina anandipotokola mkono mpaka sipanala inagwa, ndipo pophiriphitha ndinamugunda ndi chigongono pamphuno, nayenso magazi. Anandigwetsa chafufumimba, bondo la wina lili pakhosi, tsaya langa pa simenti ya oyilo, ine ndikukalipabe.

Ndili pansipo ndinaona nsapato za mphunzitsi. Anagwada n'kundionetsa kiyi wa bokosi lija. Sanakweze mawu. Anati pulagi anaizula yekha m'mawa, anayeza pamaso pa kalasi yonse, ndipo ndi iye amene anauza mnzangayo kuti avule magolovesi amasule mawayawo. Atandidzutsa ndinayang'ana padenga la galimoto. Chikwangwani chinali chobiriwira, chachikulu ngati thireyi, choti ndi wakhungu yemwe akanachiona. Bwana wa kukampani anali ataima chapatali, tabuleti ili pachifuwa, osalemba kanthu.

Mnzanga uja anamutengera kuchipatala chimene mayi a kunyumba amagwirako ntchito, ndiye nkhani inawapeza ine ndisanawauze. Atabwera madzulo sanakhale pansi, chikwama chili paphewa. Anali atapita kukamuona, ndipo anandifotokozera monga namwino, mosazungulira: mkono unangotupa, koma zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, zinaphwanyika pamfundo, ndipo madokotala aikamo mawaya. Ine ndinayamba zoti ndimafuna kumupulumutsa, zoti akanakhala magetsi amoyo bwenzi pano tikukamba za maliro. Anandisiya ndimalize.

"Koyambako ndamva, bambo a ana," anatero. "Nanga kachiwiriko mumamupulumutsa kwa ndani?"

Ndinamenya tebulo mpaka kapu inagwa n'kusweka. Ana athu anatseka chitseko cha kuchipinda kwawo. Mayiwo anayang'ana zidutswazo, n'kundiyang'ana ine, ndipo anakwera masitepe osatolera.

Apolisi anabwera tsiku lotsatira, awiri, ndi ulemu wawo woopsa uja, ndipo anandifunsa mafunso ku siteshoni theka la tsiku. Pambuyo pake ndinamva kuti mnzangayo anakana kupereka sitetimenti, anati za makhoti sazifuna. Ndi chifukwa cha iyeyo kuti sindinaimepo pamaso pa woweruza, ndipo ya keya sinandithere.

Koleji inandiimitsa kaye, ndipo patatha sabata anandiitana. M'chipindamo munali mkulu wa dipatimenti, mphunzitsi wathu, ndi bwana wa kukampani uja. Ndinavala suti ya kutchalitchi. Anayatsa filimu ya kamera ya kudenga. Palibe chinthu chonyansa ngati kudziona wekha kuchokera pamwamba, kadazi kakuwala, ukuthamanga ndi chitsulo m'manja. Bwanayo anaimitsa filimu nditangomenya koyamba. Anati mpaka apa akanatha kundiikira kumbuyo: ndinalakwa posayang'ana chikwangwani, ndinalakwa pofikitsa chitsulo pafupi ndi batire, koma munthu woopa kuti mnzake afa amamveka. Kenaka anaipitiriza. Pa filimupo panadutsa kanthawi, kokwanira munthu kupuma katatu, ine nditangoima. Kenaka ndinawerama, kugwira dzanja lija, kuliyala bwinobwino ngati nyama pathabwa.

Mphunzitsi anandifunsa chifukwa chake, ndipo ndinaona kuti akufunadi kumva. Ndinayesa. Ndinawauza za ku Biwi, za abambo aja, za jeke, kuti kwathu munthu amene umamukonda ndi amene umamumenya dzanja kuti asadzafe, wosamusamala umangomuyang'ana. M'mutu mwanga, m'Chichewa, zinkamveka. Zikutuluka m'Chingerezi m'chipinda muja ndinazimva ndekha kuti ndi mawu a munthu woopsa. Mkulu wa dipatimenti anafunsa ngati ndinachitapo zimenezi kwa anthu ena. Ndinati inde, ambiri. Anafunsa ngati ndingadzachitenso. Ndinachedwa kuyankha, ndipo kuchedwako anakumva onse.

Bwanayo ananena mwachidule kuti kampani yake singandilole kuponda m'galaja yake iliyonse, ndipo poti magalimoto, zida ndi mayeso zonse n'zakampani, koleji inalibe pondisunga. Anandiuza ndibweze ovolosi. Ndinatuluka ndikutukwana chamumtima, kutukwana kampani, makamera, ndi dziko loti munthu kupulumutsa mnzako ndi mlandu. Ndikaona vani ya kampaniyo mumsewu ndinkalavula. Ndinakwiya choncho nthawi yaitali, ndipo aliyense wondifunsa kutchalitchi ndinkamuuza za kumenya koyamba kokha.

Amene anandikakamiza kupita ku Corby kukamuona mnzanga uja ndi mayi a kunyumba. Ndinkazengereza, mawa mawa, mpaka miyezi inayi inadutsa. Anzathu anali atayesedwa kalekale, ena atayamba kale ntchito. Loweruka lina mayiwo anangonditulutsira jekete n'kunena kuti galimoto ayendetsa okha. Tinanyamula nkhuku ziwiri ndi thumba la ufa, monga amachitira anthu popita kukapepesa.

Mkazi wa mnzangayo ndiye anatsegula chitseko. Analonjera mayi a kunyumba, ine anandidutsa ngati mtengo, ndipo katundu uja anakangomuika kukhitchini osayang'ana mkati. Mnzangayo anali pabalaza, ataonda, ndipo anadzuka kutipatsa moni ndi dzanja lamanzere. Atakhala pansi anaika lamanja pabondo. Mawaya anali atachotsedwa, koma zala ziwiri zija zinali zowongoka, zonyezimira, zokhala ndi zipsera za ulusi. Anandionetsa yekha pamene zimathera: zitatu zinkapinda, ziwirizo zinkangogwedera pang'ono n'kuima. Anafotokoza mopanda mkwiyo, ngati akukamba za munthu wina, kuti kampani inamusungira malo mpaka chaka chotsatira, mphunzitsi ankamuimbira foni kawirikawiri, koma adokotala anamuuza kuti pamene zafikapo ndi pomwepo. Anayesera kugwira sipanala kunyumba, inkangopulumuka. Anali atawalembera kale kuti malowo apatse wina. Ku weyahausi anabwerera, ndipo anamuika komata mapepala pamakatoni.

Ndinatsika pampando n'kugwada pa kapeti, ine mkulu, pamaso pa akazi awiri. Mawu amene ndinakonza m'njira anathawa. Ndinangoti ndalakwa, a Chipata, ndalakwa ine, chitani nane chimene mufuna. Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndinkafuna anditukwane, kapena atenge chilichonse chili pafupi andiphwanye nacho, bwenzi nditapepukidwa. Iye anangondiuza kuti ndikhale pampando, ana angalowe n'kundiona choncho.

Ndinabwerera pampando. Kenaka anati ali ndi funso limodzi, ndipo ndisamunamize poti ntchitoyi ndimaidziwa ndine.

"Ba mudala, muniuze chabe zoona. Mayeso yaja, sembe ninapasa?"

Mkazi wake anali ataima pakhomo la khitchini, mayi a kunyumba atawerama. Bodza linali pafupi, ndipo mwina likanamuthandiza. Ndikanati mayeso a kampani ndi ovuta, manja anu anali asanakhwime, kaya zikanatha bwanji. Akanagona bwino ndi bodza limenelo, nanenso chimodzimodzi. Koma ndinali nditamuona akugwira ntchito chaka chonse.

"Mukanakhoza, a Chipata," ndinatero. "Kuposa tonse m'kalasi muja. Kuposa ine."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali padzanja lija. Kenaka anauza mkazi wake kuti alendo akuchokera kutali, awaperekeze asachedwe m'njira. Iye sanadzuke, ndipo chichokereni m'nyumba muja sindinamuonenso.